Kiyi Amene Anandidyera Matumba 30

Ndiyambe ndi kuvomera kuti anthu atatu anandichenjeza, ndipo onse atatu ndinawamva bwinobwino. Woyamba anali mnyamata amene anandibweretsera galimoto mu 2021, ka Toyota kotha kale ntchito ku Japan, kamene kanatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde mpaka kufika ku Chipata kali mbuu ndi fumbi. Pondipatsa kiyi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Aticha, kiyi ndi yekhayu. Mupangitse spare musanapite kumudzi." Wachiwiri anali mkulu wina wokonza mawaya a galimoto m'tauni, amene ndinakamufunsa mtengo sabata yomweyo, iye n'kunditchulira K900. Wachitatu anali mkazi wanga, amene kwa zaka ziwiri ankati ndikangoyamba kupapasa m'matumba amandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Bambo, kiyi mmodzi si kiyi."

K900 ija inandipweteka ngati chipongwe. Kiyi wa loko wa kunyumba ndinkadulitsa ndi K20 pamsika, ndiye ndinatsimikiza kuti mkuluyo wandiyang'ana nsapato n'kuona kuti ndine wa ku Chiparamba, ndipo ndinatuluka m'shopu yake osatsanzika. Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale, ndimalimanso chimanga, nshawa ndi soya. Kwathu anthu amabwera kwa ine ndi makalata a boma, ndi mafoni amene akana kuyaka, ndi mafomu a feteleza wa FISP, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinazolowera kufunsidwa mpaka ndinaiwala kuti inenso ndikhoza kufunsa. Matenda anga anali amenewo, ndipo zonse zimene ndikusimba pano zinachokera pamenepo.

Linali Loweruka mu Seputembala 2023, titangomaliza kupukusa chimanga. Apongozi anga aamuna ali ndi dimba m'mphepete mwa dambo, la repu, matimati ndi anyezi, ndipo pakati pake panali chitsime chimene anakumba okha ndi manja zaka zambiri zapitazo. Lolemba lake anayenera kukaonana ndi adokotala m'tauni chifukwa cha mwendo umene unkatupa, ndipo ine ndinapita kukawauza kuti asavutike ndi za ulendo, ndidzawatenga ndine. Ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, n'kuikhoma, n'kuponya kiyi m'thumba la shati. Nditawapeza akukoka chingwe cha ndowa ndi mwendo wawo wotupawo, ndinagwada chapatali monga mkamwini, n'kupempha kuti, "Atate, pumulani, nditungeko ine." Ndowa yoyamba inakwera bwino. Yachiwiri inakodwa pamuzu, ndipo m'malo mogwedeza chingwe monga amachitira aliyense amene anakulira padimba, ndinawerama mpaka m'chiuno kuti ndiione, ndipo ndinangomva kanthu kakupulumuka pachifuwa, kenako chubwi.

Apongozi anafunsa kuti chagwa n'chiyani. Ndinayankha kuti ndi kanthu kakang'ono, nditulutsa pompano. Mawu amenewo ndimawakumbukira kuposa ena onse.

Ndinatuma kamnyamata panjinga kukatenga wailesi yanga yaikulu kunyumba, ndinaimasula pamaso pa anthu, n'kuchotsa maginito a kumbuyo kwa sipika, n'kuwamangirira kuchingwe, uku ndikufotokozera ana amene anasonkhana mmene maginito amakokera zitsulo, ngati ndili m'kalasi. Kwa maola awiri ndinavuula misomali, chidutswa cha khasu, waya, chitsekerero cha botolo ndi supuni imene apongozi aakazi anati inasowa chaka cha masankho, koma kiyi ayi. Dzuwa litapendeka m'pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndimaphunzitsa ana a Giredi 7 chaka ndi chaka, choti si chitsulo chilichonse chimene maginito amakoka. Makiyi ambiri a galimoto amapangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi mkuwa, chimene maginito alibe nacho ntchito. Chimene chikanandipulumutsa ndi kamphete kachitsulo ka kumutu kwa kiyi, koma kampheteko ndinali nditakachotsa ndekha miyezi ingapo m'mbuyomo chifukwa kankandibowolera matumba.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinalemba anyamata anayi pa K200 kuti tikape chitsime chonse, ndipo tinakapa kuyambira mbandakucha, madzi akubwerera pansi uku ife tikutaya pamwamba, matope akusefukira m'mabedi a anyezi, ine ndili m'kati ndi kabudula ndikupapasa thope ndi zala za kumapazi, amayi ochokera kumapemphero ataima ndi mayunifomu awo kumpanda wa dimba akufunsana kuti kodi aticha aja ndi amenewa, mpaka mmodzi wa anyamata aja anandiuza kuti dothi la mbali imodzi layamba kulekana ndipo ndituluke. Ndinamuyankha kuti ndikudziwa zimene ndikuchita. Anandikoka ndi chingwe mokakamiza, ndipo ndisanapukute n'komwe kumaso, mbali ija inagumukira m'kati, gumu, n'kukwirira pansi ponse. Mnyamatayo anandipulumutsa. Chitsime chimene chinadyetsa banja la mkazi wanga kuyambira iye ali mwana chinasanduka dzenje la phala, ndipo repu wa apongozi anakhala masiku asanu akuthiriridwa ndi madzi opempha kudimba la eni.

Lolemba m'mawa apongozi anapita kuchipatala panjinga yamoto imene mlamu wanga anawapezera, mwendo wotupa uja ukulendewera pamsewu wa mabampu. Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe kuti asandione. Sanandinene, ngakhale tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake, ndipo kusanena kwawoko kunandiwawa kuposa kukalipa kulikonse.

Pamenepo munthu wanzeru akanakhala pansi n'kufunsa. Ine ndinaona kuti manyazi atha pokhapokha galimoto italira ndi manja anga. Ndinayesa kutsegula chitseko ndi waya wa hang'ala monga ndinaonera m'mafilimu, ndinang'amba labala wa pawindo n'kukanda penti, kenako ndinaganiza zoswa galasi, ndipo powerengera ndinasankha kagalasi kakang'ono ka makona atatu ka chitseko cha kumbuyo poganiza kuti kochepa n'kotchipa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti galasi lalikulu la pachitseko limapezeka mosavuta kwa ogulitsa masipeya, koma kakang'onoko n'kosowa, ndipo kanga kanachita kuitanitsidwa pa K850. Nditalowa ndinamasula loko wa chitseko, n'kumukulunga m'mpango, n'kukwera minibasi ya ku Chipata.

Bambo wodula makiyi amene ndinamupeza chakufupi ndi msika wa Kapata anali munthu waluso ndiponso woona mtima. Anaphwasula loko uja patebulo lake, n'kuyala tizitsulo ta m'kati mwa dongosolo lake, n'kusula kiyi ndi tupa pang'onopang'ono mpaka anayamba kuzungulira tswee. Pondipatsa anati, "Boss, chitseko atsegula, mwina ndi pa ignition azungulira. Koma ngati motoka yanu ili ndi chip, siilira." Ndinamuuza kuti yanga ilibe zimenezo, chifukwa kiyi wake analibe batire, analibe mabatani, anali chabe chitsulo chokhala ndi mutu wakuda wa pulasitiki. Iye anandiyang'ana n'kufunsa kuti mutuwo unali wonenepa bwanji. Ndinati wonenepa ndithu. Anapukusa mutu, koma ine ndinali nditawerenga kale K150 yake ndipo maso anali panjira.

Ndinafika kudimba madzulo anthu atamva kale kuti aticha abwera ndi kiyi. Ndinalowa, n'kulowetsa kiyi, iye n'kuzungulira, magetsi onse a pa dashboard n'kuyaka, ana n'kuwomba m'manja, apongozi aakazi n'kuimba nthungululu, ine mtima uli m'malo koyamba pa masiku anayi, ndipo ndinapotokola kuti ilire. Injini inazungulira, kwe kwe kwe, osagwira. Ndinabwerezanso. Ndinaponda mafuta, ndinatsegula boneti n'kugwedeza mawaya amene sindinkadziwa ntchito yake, ndinabwerezanso kachisanu, kachikhumi, uku kanyali kofiira kakungophethira pakona ya dashboard, ine osakalabadira, mpaka batire inatheratu ndipo chimene chinkamveka ndi ka ke ke ke kokha. Ndiye ndinaitana anyamata kuti akankhe. Galimoto yanga ndi ya automatic. Ndinaiyendetsa zaka ziwiri osadziwa kuti ya mtundu umenewu siilira ndi kukankha, ndipo anyamata asanu ndi mmodzi anaithamangitsa kutsika ndi kukwera njira ya ngolo mpaka mdima, thukuta lili kamukamu, ine ndili m'kati ndikukuwa kuti awonjezere liwiro.

Usiku umenewo ndi wotsatira wake ndinathera ma bundle pa YouTube. Kumeneko ndinamva koyamba mawu akuti immobiliser, koma ndinasankha kumva zokhazo zimene ndinkafuna. Vidiyo ina inaonetsa munthu akumata mutu wa kiyi pafupi ndi ignition n'kuliza galimoto ndi kiyi wamba, ndiye m'mawa ndinabwerera m'tauni kukagula kiyi wa Toyota ina imene inachita ngozi, kwa wogulitsa masipeya ku Down Shops, pa K400. Wogulitsayo anandiuza momveka kuti, "Ameneyu afunika ku-program, mdala, sangagwire chabe." Ndinati sure, ndikudziwa. Ndinamumata ndi tepi monga m'vidiyo, n'kubwereka batire ya solar kwa a neba, koma zinali zomwe zija, kwe kwe kwe, kanyali kofiira kakuphethira. Sindinazindikire kuti munthu wa m'vidiyoyo ankamata kiyi wa galimoto yomweyo, osati wa ina. Nditapsa mtima ndinamasula mapulasitiki a pansi pa chiwongolero, ndinaona kamphete kakuda kozungulira pobowola kiyi kali ndi timawaya, ndinaganiza kuti mlonda amene akundikaniza ndi ameneyu, ndipo ndinadula timawayato ndi lezala n'kutilumikiza mwanjira yanga. Kunamveka ka phu, n'kununkha pulasitiki wopsa, magetsi a pa dashboard n'kuzima onse.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinali nditadya lokwanira, ndipo Lachisanu ndinapita kwa mkulu uja wa mawaya, yemwe uja ndinamutulukira m'shopu osatsanzika mu 2021. Ndinazungulira mseu wake kawiri ndisanalowe. Anandikumbukira. Sanandikumbutse za K900, anangondikokera mpando n'kutenga kiyi wakale m'kabati, n'kumusenda mutu ndi mpeni, n'kundionetsa kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga kobisika m'pulasitiki.

"Aticha, kiyi weniweni ndi aka," anatero. "Chitsulochi n'chonyamulira chabe."

Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo ndizilemba momwe ndinazimvera, chifukwa ndikanazidziwa kale bwenzi chimanga changa chili m'nyumba. Kanthu kaja ndi chip, ndipo sikafuna batire. Kamphete kamene ndinadula ine ndi koyilo ya waya, imene ukalowetsa kiyi imatumiza mphamvu pang'ono kudzera m'mafunde a wailesi, chip n'kudzuka n'kuyankha ndi nambala yake. Nambalayo imapita ku kabokosi kena kobisika m'kati mwa dashboard, kamene kamasunga mndandanda wa makiyi amene galimotoyo imawadziwa. Nambala ikapezeka pamndandanda, kabokosiko kamauza kompyuta ya injini kuti ilole mafuta ndi moto. Ikapanda kupezeka, injini imangozungulira yopanda kanthu, ndipo kanyali kofiira kaja kamakhala kakukuuza zimenezo. Nzeru imeneyi inafala m'ma 1990 pofuna kuthana ndi akuba magalimoto, ndipo mayiko ngati Germany ndi Britain anachita kulamula mu 1998 kuti galimoto zatsopano zonse zizikhala nayo. Tsono zimene ndinakhala ndikuchita sabata yonse, waya pawindo, kuswa galasi, kudulitsa kiyi pa loko, kulumikiza mawaya, ndi ndondomeko yeniyeni ya wakuba, ndipo galimoto yanga inandikana ndendende monga inapangidwira kukana wakuba. Sinalakwe chilichonse.

Kenako anandiuza za mtengo, ndipo apa m'pamene pali mfundo yonse. Ukakhala ndi kiyi mmodzi wogwira ntchito, makamaka wamutu wakuda amene pa Toyota zambiri ndiye kiyi wamkulu, kuwonjezera wina n'kosavuta. Kiyi wakaleyo amakhala ngati mboni, amatsegula njira, makina n'kulembetsa watsopano mphindi zochepa. Ntchito imeneyo ndi imene ankandilipiritsa K900, kuphatikizapo kiyi ndi chip chake. Koma makiyi onse akatayika, zimene iwo amati all keys lost, palibenso mboni, ndipo pamafunika kufufuta mndandanda wonse m'kabokosi kaja n'kuyamba pachiyambi. Makina ake iye sankatha kuchita zimenezo pagalimoto yanga. Anati ankadziwa munthu ku Lusaka amene angathe, ndipo njira zinali zitatu: kunyamula galimoto yonse pa lole mtunda wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, kuitana munthuyo kuti abwere, kapena kuchotsa kabokosiko n'kupita nako. Anadzipereka kuti abwere ku Chiparamba adzakachotse yekha pa K300, chifukwa kamabisika mkati kwambiri ndipo pofika pamenepo umamasula zinthu zambiri.

Mwina simukhulupirira, koma ndinakana. Ndinamuthokoza, ndinatsanzika bwino ulendo uno, koma ndinati K300 ndiisunge, bokosi ndichotsa ndekha. Ndinkaona kuti pa ntchito yonseyi payenera kukhala kanthu kamodzi kamene ndachita bwino ndi manja anga, koti ndikauze mkazi wanga.

Choyamba galimoto inayenera kuchoka kudimba, chifukwa inali ndi windo loswa ndipo mlamu wanga ankagona m'menemo usiku kuilondera. Tinabwereka ng'ombe ziwiri zapangolo. Ndinakhala pa chiwongolero, ng'ombe zikukoka ndi tcheni, mwini wake akuziitana mayina, ana a sukulu yanga akutsatira pambuyo mzere wautali, ena akundipatsa moni wa m'kalasi pawindo, ndipo palibe anandiuza, komanso ine sindinafunse, kuti injini ikazima mabuleki amalimba ngati mwala ndipo chiwongolero chimalemera, moti titafika pa kamtsetse kolowera pabwalo la apongozi galimoto inayamba kuthamangira ng'ombe, ng'ombe n'kudzidzimuka n'kupatukira kumbali, ine n'kuponda buleki ndi miyendo yonse iwiri osaphula kanthu, mpaka tinakaima pa mzati wa khola la mbuzi, khola n'kupendama, mbuzi n'kubalalika m'mudzi monse. Apongozi aamuna anali pampando pakhonde, mwendo uli pa kampando kena. Anangoti, "Mwafika bwino, atate," n'kutuma mwana kukasonkhanitsa mbuzi.

Mawa lake ndinamasula zimene ndinatha, ndinapeza bokosi lachitsulo lomangidwa ndi mabawuti pansi, kutsogolo kwa giya, lili ndi mapulagi achikasu, ndipo ndinati lolimba chonchi liyenera kukhala lomwelo. Ndinalikulunga m'thawulo, ndinapempha masiku awiri kuntchito, n'kukwera basi ya mbandakucha yopita ku Lusaka. Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, bokosi lili pamiyendo ngati khanda. Pa Luangwa Bridge anzanga anatsika kukagula nsomba zouma, ine osatsika kuopa kulisiya. Tinalowa pa Intercity dzuwa litapendeka, ndinakwera minibasi ziwiri, ndipo ndinamupeza katswiri uja, mnyamata wamng'ono kwa ine ndi zaka zosachepera khumi ndi zisanu. Anafunyulula thawulo, n'kutembenuza bokosi kamodzi, n'kukhala chete.

"Uncle, ili ndi la ma airbag."

Anandifunsa ngati batire inali yolumikiza pamene ndinkalichotsa. Ndinati ayi, inali kotchajitsa. Anapumira m'mwamba n'kundiuza kuti mapulagi achikasu pagalimoto ndi chizindikiro cha ma airbag, ndipo munthu wosadziwa akamaseweretsa mawaya amenewo moto ulipo, thumba likhoza kumuphulikira kumaso. Ndiye kuti chimene chinanditeteza ndi batire imene ndinaipha ndekha. Kenako anapempha white book ndi NRC yanga, ponena kuti iye sagwira ntchito ya all keys lost asanaone umboni woti galimoto ndi ya amene wabwera, apo ayi akhoza kumathandiza akuba. Ananena zoona ndipo ndinamulemekeza nazo. NRC ndinali nayo. White book inali mu glove box, ku Chiparamba, pabwalo la apongozi, m'galimoto ya windo loswa.

Ndinagona kwa msuweni wanga ku Mtendere, ndipo atandifunsa chimene ndadzera ku Lusaka ndinati za kuntchito. Usiku ndinatuluka panja n'kuimbira mkazi wanga. Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi ndinanena mawu amene ndinayenera kunena pachitsime paja, akuti sindikudziwa chochita. Iye anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Bwerani kunyumba, bambo. Muitaneni munthuyo abwere. Chimanga chilipo."

Anabwera Loweruka lotsatira, ine n'kumulipirira basi ndi malo ogona. Anafika ku Chiparamba pamodzi ndi mkulu wa mawaya uja, amene anayamba wabwezeretsa bokosi la ma airbag, n'kusintha mafyuzi amene ndinapsereza, n'kuika koyilo ina m'malo mwa imene ndinadula. Mnyamata wa ku Lusaka anayang'ana white book, n'kuyerekeza nambala ya chassis ndi ya pagalimoto, kenako anagwada pansi pa chiwongolero n'kulumikiza makina ake pa kapulagi ka mabowo 16 kamene kali pamenepo, kamene ine ndinali ndisanakaonepo chigulire galimoto. Sanafunike n'komwe kuchotsa bokosi lililonse. Anadikira, anadina, anadikiranso, analowetsa kiyi woyamba, kenako wachiwiri, ndipo kanyali kofiira kanazima. Anandiuza kuti ndilize ndine. Dzanja linkanjenjemera. Inalira kamodzi n'kamodzi, bwinobwino, ngati palibe chinachitika, ndipo ntchito imene inanditengera masabata awiri, chitsime, windo, khola ndi ulendo wa ku Lusaka iye anaimaliza ola lisanakwane. Ulendo uno palibe anaimba nthungululu. Anthu anali atatopa nane.

Madzulo ndinakhala pansi ndi kope la sukulu n'kuwerengera, chifukwa ndinaona kuti ndiyenera kuiyang'ana nambalayo m'maso. Anyamata okapa chitsime K200, kiyi wa pa loko K150, kagalasi K850, kiyi wa galimoto yangozi K400, maulendo a m'tauni ndi ma bundle ndi kutchajitsa batire K350, ulendo wa ku Lusaka ndi bokosi lolakwika K1,100, katswiri ndi makiyi awiri K3,500, basi yake ndi kogona K1,000, koyilo ndi mafyuzi ndi ntchito ya mkulu wa mawaya K600, simenti yomangira chitsime chatsopano K450. Zonse pamodzi K8,600. Chaka chimenecho bungwe la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K280, ndiye kuti kiyi wanga anadya matumba 30 ndi kanthu pamwamba. Ndikayang'ana mndandandawo ndimaona kuti pafupifupi theka lake si mtengo wa kiyi ayi, ndi mtengo wa kukana kwanga kufunsa. Ndipo theka linalo likanakhala K900 ndikanamvera mu 2021.

Sindikufuna kunamizira kuti makiyi amenewa ndi otchipa kapena kuti zonse zili bwino. N'zowawa kuti galimoto zimene timakwanitsa kugula kuno zimabwera zitatha zaka khumi kapena kuposa, kawirikawiri ndi kiyi mmodzi, ndipo zida zokonzera makiyi ake zili kutali ndi munthu wa kumudzi. Koma zimenezo ndinauzidwa tsiku loyamba, ndi munthu amene anachita kundigwira dzanja.

Ndalama ina ndinabwereka ku village banking ya mkazi wanga, m'dzina lake, chifukwa ine sindinali membala. Yotsalayo inachokera m'chipinda chimene tinasungamo chimanga chodya ndi chodikira mtengo. Tinagulitsa matumba 20. Ndinamuuza kuti asadandaule, tikolola china, ndipo ndinanena ndi mtima wonse, ndi chidaliro chomwe chija chimene ndinali nacho pachitsime. Tinabzala mvula yoyamba itagwa, chimanga chinamera bwino, kenako mu Januwale kumwamba kunayera. Tinadikira sabata, masabata atatu, asanu, masamba akupotana ngati anyezi, ngaiyaye zikuuma zisanabereke. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Chilala sindinachibweretse ine, koma matumba 20 amene akanatifikitsa kutali, ife ndi apongozi omwe, ndinawatulutsa m'nyumba ndine, ndipo tsiku lililonse mkazi wanga akamayeza ufa ndi kambale kakang'ono kuposa kale ndinkatuluka panja. Sananditchulire kiyi ngakhale kamodzi.

Chimene chinathandiza banja miyezi imeneyo ndi dimba. Chitsime chatsopano tinachikumba mikono ingapo kuchokera pa chakale, n'kuchimanga ndi njerwa ndi simenti, ndipo ine ndinagwira nawo ntchito Loweruka lililonse mpaka chinatha, ndikuchita zimene apongozi ankandiuza, osawonjezera nzeru zanga. Sichinaphwe ngakhale madambo ena atauma. Dzenje lakale tinalikwirira, ndipo kiyi woyamba uja ali pansi pamenepo mpaka lero, pamene pano pali nthochi.

Tsiku lina mu Meyi ndinawatenga apongozi kupita nawo kuchipatala, ndipo pobwerera tinaima m'tauni kugula thumba la ufa wa roller la makilogalamu 25, ife anthu amene sitinkagula ufa chibadwire. Ndinaliika m'buti, ndinawathandiza kukwera, ndipo ndikutulutsa kiyi amene tsopano ndimamumangirira ku lamba ndi chingwe, ndinaona akumuyang'ana. Tinayenda osalankhula mpaka tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi.

"Atate," anatero, "winayo ali kuti?"

"Ali ndi mwana wanu, atate. Ngakhale ine sindidziwa pamene anamubisa."

Anagwedeza mutu, n'kutsitsa galasi, n'kuyamba kundiuza za mbewu ya matimati imene ankafuna kuyesa chaka chimenecho.